Mipando ya a Landilodi

Sofa inakana kulowa pakhomo. Mayi Thovu anaikankha ndi phewa, mwana wake wamkazi akukoka mkati, mpaka inalowa chammbali ngati nkhanu.

Dzina loti Thovu linabwera ndi ntchito. Ankachapa zovala za anthu a mumsewu wonsewo, ndipo ankakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya a landilodi. Katundu wake yense anali mphasa, beseni, ndowa ziwiri ndi chingwe choyanikira. Koma tsikuli kunkabwera alendo. Kalata yochokera kusukulu inati a bungwe lothandiza ana afika kudzaona kumene ophunzira amakhala, kenako asankha mmodzi woti amulipirire sukulu mpaka kumaliza. Mwana wa Mayi Thovu anali woyamba m'kalasi. Akapanda kusankhidwa, teremu ya mawa adzaithera pa beseni, pambali pa mayi ake.

"Akaona mphasa iyi, ati mwanayu amawerengera pati?" anatero Mayi Thovu m'mawa umenewo. "Anthu a magalimoto sabzala mbewu zawo kudzala."

N'chifukwa chake anakagwada kwa a landilodi. Mayiwo ankakonda kubwereketsa zinthu, malinga msewu wonse umve kuti abwereketsa.

"Tengani, amake mwana, tengani," anatero ataima pakhonde, mawu akufika mpaka kumpopi. "Sofa imeneyi inabwera pa sitima. Inu musakhalepo, ndi ya alendo."

Inatuluka sofa. Linatuluka tebulo ndi mipando yake inayi, makatani, kalipeti, wotchi ya pakhoma. Inatulukanso wailesi yakanema, ngakhale m'kachipindamo munalibe magetsi. Pomaliza a landilodi anavula nsapato zomwe anavala n'kuwonjezera diresi lawo la kutchalitchi.

"Wangayu naye analemba fomu," anatero akuloza ndi mlomo mwana wawo, amene ankabwereza kalasi yomweyo kachitatu. "Aphunzitsi anagawira aliyense. Koma ife zopemphapempha sitinazolowere."

Ataona kuti pabalaza pawo patsala mbee, anati apezerepo mwayi wokolopa. Wantchito wawo anali atathawa sabata yapitayo, atatopa ndi pakamwa pawo, ndiye anangodzimangira kansalu kakale kong'ambika n'kugwada okha ndi chikolopa.

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo. Anali awiri: bambo wa tayi atanyamula failo, ndi mayi wa magalasi, kamera m'khosi, botolo la madzi m'manja. Mayi Thovu anawalandira atavala diresi lija, zala zikulira m'nsapato. Kachipindako kanadzaza moti munthu pofuna kutembenuka ankayamba wapepesa kwa tebulo.

"Mumadya kangati patsiku?" anafunsa wa tayi.

"Katatu, bwana. Lamlungu kanayi."

Mimba ya Mayi Thovu inafuna kupereka umboni wina. Iye anaitsekereza ndi chifuwa.

"Mwana amawerengera pati?"

"Patebulo apa. Akatopa amasamukira pa sofa."

"Kanemayu bwanji simukuyatsa?"

"Akupuma, bwana. Ana asiku ano kanema amawaononga."

Wa tayi anagwedeza mutu n'kulemba, kulemba, mpaka kutembenuza tsamba. Wa magalasi anasisita katani, nayang'ana wotchi, namwetulira mtsikana amene anaima pakona manja kumbuyo. Kamera sanaikhudze.

"Mayi, mwatisangalatsa," anatero wa tayi potseka failo. "Makomo onse akanakhala ngati lino, ife bwenzi ntchito itatha."

Mayi Thovu anawaperekeza mpaka pa chingwe choyanikira, akuwomba m'manja. Atabwerera anatseka chitseko, nakhala pa sofa yoletsedwa ija, nadzigwedeza kawiri kuti amve kufewa kwake.

"Wamva, iwe? Tawasangalatsa. Uchape yunifolomu."

Mtsikanayo anaseka ataphimba pakamwa. Aka kanali koyamba mwezi umenewo.

Koma chobwereka sichigonera. Mayi Thovu anasenza mpando umodzi pamutu, diresi ndi nsapato asanavule, kuti a landilodi aone okha mmene zinamukhalira. Atakhota pakona ya nyumba anapeza galimoto ya alendo ikadali pageti. Anaganiza kuti mwina yafa. Anakwera pakhonde n'kusuzumira pakhomo.

A landilodi anali chigwadire pa simenti, opanda nsapato, kansalu kong'ambika m'chiuno, thukuta lili kamukamu. Mwana wawo anakhala pansi pakona, pansi pa msomali umene unkanyamula wotchi. M'mazenera munalibe kanthu. Kamera inkang'anima ngati mphezi, ndipo mayi wa magalasi ankajambula uku akupukuta misozi.

"Ngakhale pokhala palibe," ankanong'ona. "Bwana, tisavutikenso n'kuyenda. Mwana wathu ndi uyu."

"Ndalemba kale," anayankha wa tayi.

Mayi Thovu anayang'ana a landilodi, kudikira kuti mawu aja ofika kumpopi atuluke. A landilodi anaweramitsa mutu, nafinya chikolopa mwaulemu.

Ndipamene wa magalasi anacheuka n'kuona mayi wa diresi la kutchalitchi ataima pakhomo, mpando pamutu.

"Taonani mtima wabwino," anatero akukweza kamera. "Mayi olemera aja abweretsera mnzawo wosauka mpando. Mwetulirani, mayi. Inu amayi, landirani ndi manja awiri."

A landilodi anapukuta manja pa kansalu kaja, natambasula onse awiri. "Ambuye akudalitseni, madamu," anatero.