Imvi za Augustino

"Mwatopa bambo, pukutani thukuta," anatero Priska, mayi wamasiye, akumupatsa Augustino kansalu koyera.

Augustino anali atapalasa njinga kuchokera ku Bangula dzuwa lili paliwombo kuti adzafunsire banja. Mankhwala odetsa imvi anawapeza odula kwa Mmwenye, choncho anaswa mabatire akutha a wayilesi, nasakaniza makala am'kati mwake ndi mafuta ophikira, n'kudzola kumutu. Pagalasi m'mawa uja ankaoneka ngati mnyamata wa Payoniya.

Anapukuta pachipumi. Kansalu kanabwerako kali bii. Kolala ya malaya nayo inali itada kale, ndipo ntchentche zinali zitayamba msonkhano pamutu pake.

"Ndi fumbi la mumsewu, mayi."

"Fumbi la mabatire angati?"

"Anayi," anayankha chapansipansi.

Priska anapinda kansalu kaja bwinobwino.

"Mwawononga. Malemu amuna anga ankaswa awiri okha, komanso ankabwera m'mawa kusanatenthe. Imvi zawo ndinadzaziona titabereka kale ana atatu. Pitani kuseriko mukasambe, ndione kaye amene akundifunsirayo."