Ndidalitseni, Amayi

Oimba a kwawo ku Venezuela atangoyamba kukhwacha zeze, foni ya Yorman inalira m'thumba. Ntchito yokonza makina a m'migodi inali itamuponya ku Antofagasta, ku Chile, ndipo tikiti yolowera kuzoimbaimbazi anagula imodzi yokha.

"Achimwene, amayi ayamba kuiwala anthu," anatero mlongo wake Yusmary. "Lankhulani nawo."

Yorman anapempha monga mwana aliyense wa kwawo amachitira: "Ndidalitseni, amayi."

"Kodi ndani ameneyu? Sitigula kanthu ife!"

Foni inaduka.

Anakhala mpaka nyimbo yomaliza osawomba m'manja. Woimba wamkulu, mayi wa imvi, anatsanzika mwachizolowezi: "Mulungu akudalitseni, ana anga."

Anthu anali atayamba kale kukankhana pakhomo. Yorman yekha ndiye anayankha.

"Ameni, amayi."