Madzi Oziziritsa Nthunzi

Magetsi atayakanso kunja kutada, mtsikana wina anakumbukira kuti masana, pamene anazima, iye ndi anzake a m'kalasi anatuluka mu labu, chipinda chophunziriramo sayansi, osathimitsa chotenthetsera cha makina otchezera mankhwala. Mpope wa madzi oziziritsa nthunzi anali atautseka yekha. Anathamangira komweko mtima uli m'mwamba, poopa kuti nthunzi idzaza chipinda n'kubuka moto.

Chitseko anachipeza chokhoma monga anachisiyira. Atatsegula, anamva madzi akuyenda kale m'mapaipi, madontho akugwera m'botolo mwakachetechete. Pafupi ndi galasi lalitali la makinawo panakhala mayi wina wovala chikhoti choyera, atafulatira khomo.

"Madzi ndatsegula, mwanangu," anatero mayiyo mofatsa. "Ima pomwepo. Fungo ili si labwino kwa mwana."

Mtsikanayo anadzigwira pamimba. Zoti ndi woyembekezera anazidziwa m'mawa womwewo, ndipo ngakhale amayi ake anali asanawauze.

"Pepani amayi, mwana wake uti?" anafunsa chapansipansi.

Mayiyo sanatembenuke. Anachepetsa kutentha pang'ono, mosamala ngati akufunditsa khanda.

"Amene akundiyang'ana ali m'mimba mwakoyo," anayankha. "Wandizindikira kale. Akadzabadwa, udzandilola kumunyamula?"