Mnzake wa Lemon

Panali munthu wina kuno ku Duluth, dzina lake Gordon Halvorsen, ndipo amene anandiuza nkhaniyi ndi mlamu wake weniweni. Mkazi wa Gordon, Marlys, anamwalira ndi khansa chaka chatha. Ana analibe. Chimene anasiya ndi thanki yaikulu yagalasi ya madzi amchere pabalaza, momwe munali nsomba imodzi yachikasu ya mtundu wa tang, dzina lake Lemon. Inali itakhala m'nyumbamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo inkadya ndere zouma m'zala za Marlys.

Ali m'chipatala, Marlys sanatchule za nyumba kapena galimoto. Anangoti, "Gordy, undisamalire Lemon."

Gordon anasamaladi. Mchere ankayeza, madzi ankasintha Loweruka lililonse. Patapita miyezi itatu Lemon anayamba kudya m'zala zake, bamboyo mpaka misozi. Koma m'nyumba munali zii, ndipo akaona nsombayo ikuzungulira miyala yokhayokha, mtima unkamupweteka.

Tsiku lina anauza Darlene, mng'ono wake wa Marlys, amene naye amaweta nsomba zotere. "Mlamu, Lemon akusungulumwa. Ndikufuna ndimupezere tang mnzake."

"Akusungulumwa ndi Lemon kapena inuyo, alamu? Muzibwera kwathu Lamlungu tizidya limodzi, nsombayo isiyeni. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndiye nsomba zimenezi zili ndi munga wakuthwa ngati mpeni kumchira."

"Iwe ndi mkulu wako kulongolola n'kumodzi."

"Chabwino, liuma lanu ndikulidziwa. Koma mukagula, muyambe mwaisunga payokha mwezi wathunthu. Kathanki kakang'ono ka Marlys kali kuchipinda chapansi."

Kuchipinda chapansiko ndiko kunali makatoni a zovala za Marlys, ndipo chiikire maliro Gordon anali asanatsikeko. Anangoyankha kuti wamva.

Pa intaneti anapeza bambo wina akugulitsa tang yakuda, ya banga lofiira pafupi ndi mchira, yokongola kwabasi. Anakumana pamalo omwetsera mafuta ku Hinckley, nsomba ili m'ndowa.

"Iyi ndi yofatsa ngati nkhosa, madala," anatero bamboyo. "Chilichonse imadya."

"Nanga mukuigulitsiranji?"

"Ndikusamuka basi."

Gordon anaigula. M'mawa mwake nambala ya munthuyo inali yosapezeka.

Tsiku logulalo, Gordon atafika nayo kunyumba anaima pakhomo la chipinda chapansi, dzanja lili pachitseko. Zinamukanika. Anabwerera n'kukhuthulira mlendoyo m'thanki ya Lemon.

Nsomba yatsopanoyo inakana kudya. Ndere zouma, ayi. Chakudya cha m'sitolo, ayi. Gordon ananyika ndere m'madzi a adyo monga amachitira oweta nsomba, anamangirira zina pakamwala ndi labala, koma iyo inkangoyang'ana n'kutembenuka. Maganizo ake onse anathera pamenepo. Ankaziona nsombazo zikuthamangitsana, zikumenyana ndi michira, iye n'kumati zikusewera. Lemon atasiya kubwera m'zala zake n'kumabisala kuseri kwa miyala, anati ndi manyazi chabe. Munthu wachisoni amaona zimene akufuna kuona.

Darlene anaimba foni. "Lemon akudya?"

"Ali bwinobwino. Wovuta ndi winayu."

"Winayu uti? Alamu, mwapanga chiyani? Kathanki kaja mwakatenga?"

"Usade nkhawa, azolowerana."

"Mayo ine! Muchotseni mlendoyo lero lomwe, chonde. Ine ndili kutali kuntchito, ndifika Lachisanu."

Gordon sanamuchotse. Ankaopa kuti nsomba yosadya ikasunthidwanso ifa, ndipo masitepe otsikira kuchipinda chapansi anali akumuopsabe.

Lachisanu m'mawa, tsiku lachisanu ndi chinayi chilowere m'thankimo, mlendo uja anajompha ndere, n'kujomphanso, mpaka kumaliza zonse. Gordon anaimbira Darlene akuseka, kuseka koyamba chimwalirire mkazi wake.

"Mlamu, yadya! Ndinakuuza ine!"

"Nanga Lemon ali kuti?"

Gordon anayesa kukumbukira tsiku limene anamuona komaliza, osalipeza. Anaika foni pansi, n'kupisa manja m'madzi ndi malaya omwe, kuchotsa miyala umodziumodzi. Anamupeza atadzipanikiza mumng'alu, nthiti zili zochekekachekeka, mimba itafota, chikasu chija chitatuwa. Anali akupumabe pang'ono.

Apa ndiye Gordon anatsika masitepe aja mothamanga. Anakankha makatoni a Marlys osawayang'ana n'komwe, anatenga kathanki, n'kuthiramo madzi. Zonsezo sizinamutengere ndi mphindi khumi zomwe. Anaikamo Lemon n'kumuyandikizira ndere pakamwa, akumuitana monga ankachitira Marlys. Lemon sanadye. Darlene polowa masana anapeza mlamu wake atagwada pansi, dzanja lidakali m'madzi, nsomba itafa kale.

"Mkulu wako anandipempha chinthu chimodzi chokha," anatero Gordon. "Chimodzi, mlamu. Ndipo masitepe ake ndi khumi ndi awiri basi. Ndawawerenga lero."

Darlene sananene kuti ndinakuuzani. Anagwada pambali pake, n'kulira onse awiri.

Nsomba yakuda ija ilipobe mpaka lero, yanenepa, thanki yonse ndi yake. Gordon amaidyetsa m'mawa uliwonse chifukwa akuti yolakwa si iyo. Nthawi zina amaiwala n'kuviika zala m'madzi atagwira ndere, n'kudikira. Sibwera.

Phunziro: Kusungulumwa kwako usakuveke chiweto, pita kwa anthu amene akukuitana. Mawu a wogulitsa wapanjira asapose a m'bale amene akukudziwa. Ndipo ukamalimbana ndi chatsopano chimene chikukukana, cheuka uone chakale chimene chinkakudalira, chifukwa chimavutika osalira. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene ali ndi chitseko chimene akuopa kutsegula, atsegule nthawi ikadalipo.