Gasi wa m'Maski

"Kumgodi maski amatchinga gasi. Inu mukufuna kundithirira gasi m'maski momwemo?" anatero a Festus, amene anakalambira mumgodi, akukankha maski omwe nesi ankawaonetsa.

Mainess, mkazi wawo, zinali zitamukwana. Kuchokera kwawo ku Buchi mpaka kuchipatala ku Ndola, komwe a Festus anabwera kudzachitidwa opaleshoni ya mtima, nkhani inali yomweyi.

Dokotala anabwerezanso. "Tikatsegula mtsempha wotsekekawo, magazi amabwerera mwamphamvu ndipo amatha kupweteka mtima. Gasi wogonetsayu angathandize kuuteteza."

"Atate ake Priscah, mwanditopetsa," anatero Mainess. "Mukakalowa mmenemo mukapume chabe."

Opaleshoni itatha, a Festus anatsegula maso, mtima ukugunda bwinobwino. Anakodola mkazi wawo n'kumunong'oneza monyadira.

"Ndawapusitsa. Sindinapumeko ngakhale pang'ono."