Mtolo wa Makiyi wa a Ezekiel

Panali munthu wina ku Kawale, m'chaka cha 1996, amene ankamveka asanaoneke. Jegede! Jegede! Jegede! Mimba patsogolo, dzanja kumbuyo, mutu chopendeketsa. "Ndine Ezekiel ine, mkulu wa mpingo! Chitseko chilichonse chimandidziwa!" Chimene chinkalira jegede ndi mtolo wa makiyi m'chiuno mwawo. Kiyi wa tchalitchi, wa kabati ya zikho za mgonero, wa nyumba, wa khola la nkhuku, wa sutikesi imene inabedwa kalekale pa depoti, ndi wa galimoto yawo yobiriwira, onse pa waya mmodzi. Amene anandiuza nkhaniyi akuti mtolowo unkalemera ngati kamwana ka mbuzi. Ine ndikuti mbuzi yeniyeni, ya bere.

Ndiye galimotoyo inayamba matama. Lero akapotokola kiyi, vuuum! Mawa akapotokola, zii. Apo n'kuti kutatsala milungu iwiri kuti mwana wawo Tamara akwatiwe, ndipo a Ezekiel anali atadziguguda pachifuwa pamaso pa akuchimuna kuti mkwatibwi adzakwera galimoto ya bambo ake, osati yobwereka.

Anapita ku Biwi kwa a Dumisani, okonza zamagetsi a galimoto, munthu wa mawu ochepa. A Dumisani analiza hutala, piii! Anayatsa magetsi akutsogolo, ngwee. "Batire ilibe mlandu." Anatsegula boneti n'kugunditsa sikuludiraiva pa sitata, gwegwegwe. "Sitata ilibe mlandu." Kenako anakhala pampando n'kugwedeza mtolo uja uli lende pa suwichi. Timagetsi ta pa dashibodi tinayamba kuphethira ngati munthu wa tulo mu ulaliki.

"Madala, vuto ndi ili. Makiyiwa akukokera suwichi pansi, mkatimu tizitsulo tadyeka, sitikukhudzana bwino. Kiyi wa galimoto akhale payekha, suwichiyi tisinthe."

"Makiyi a nyumba ya Mulungu angaphe galimoto? Iwe unabatizidwa koma?"

Jegede, jegede, anachoka.

Pa msika wa Chilinde anakumana ndi Joe, munthu amene palibe ankamudziwa, atavala ovolosi yopanda ngakhale kadontho ka oyilo. "Bwana, ine ndagwira ku Joni zaka naini. Galimoto ndimaidziwa ndi fungo." Ananunkhiza boneti, fwii, fwii. "Batire!" Anasintha batire. Patapita masiku awiri, zii. "Sitata!" Anasintha sitata. Zii. "Mapulagi!" Chodabwitsa n'chakuti akailiza Joe inkalira nthawi yomweyo. Paja Joe poliza ankafumbata mtolo wonse m'dzanja, pomwe eni ake ankausiya uzilendewera. Koma palibe anaziona zimenezo.

"Nanga bwanji imamvera iwe, ine ayi?" anafunsa a Ezekiel.

Joe anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona. "Bwana, akuchimuna aja mumawadziwa bwino? Apa pali dzanja la munthu."

Loweruka la ukwati linafika. Naini koloko m'mawa, galimoto itavala maliboni, Tamara ali kumbuyo ndi velo yake, mayi ake, a Betty, ali kutsogolo. A Ezekiel anapotokola kiyi. Zii. Anapemphera. Zii. Joe? Amuna inu, anasowa ngati utsi. Amayi a kwaya anavula nsapato n'kukankha galimoto mpaka pa mjigo, akuimba, thukuta lili kamukamu. Zii!

Posakhalitsa anatulukira a Medson, ankhoswe akuchimuna, panjinga, taye ili pamsana.

"Asebele, anthu apsa ndi dzuwa panja! Tchalitchi n'chokhoma, makiyi muli nawo inu. Abusa ati ali ndi maliro ku Area 23, teni koloko ikakwana ukwati mpaka sabata ya mawa." Anayang'ana maliboni aja. "Galimoto ya bambo ake ija ndi imeneyi? Kapena mkwatibwi ndimukweze panjinga pano?"

Tamara anayamba kulira mkati mwa velo. A Betty sanafunse munthu. Anazula mtolo pa suwichi, kiyi wa galimoto n'kumusolola ndi chikhadabo, otsalawo n'kuponyera a Medson. "Thamangani mukatsegule!"

A Ezekiel anatsala ndi kakiyi kamodzi, kuoneka ngati tambala wometedwa lipombo. Anakalowetsa mwamwambo chabe.

Vuuuum!

Anthu onse kukamwa yasa.

"Bambo a Tamara, mwaitani?" anafunsa a Betty.

"Pemphero lija lafika."

"Taimani kaye." Mayiwo anakoleka chikwama chawo cha m'manja pa kiyi uja. Timagetsi phethi, phethi, injini thii. Anachotsa chikwama, amuna awo n'kupotokola, vuuum! Anakolekanso, thii. Anachotsa, vuuum! Amayi a kwaya anaunjikana pa windo, wina n'kufuula, "Tayesani ndi changachi, muli Baibulo!"

"Ndiye si akuchimuna ayi," anatero a Betty mokweza, kuti ndi a pa mjigo omwe amve. "Masiku onsewa mwakhala mukuwayang'ana ndi diso lofiira anthu osalakwa. Bambo a Tamara, palibe amene anakuuzani zimenezi?"

A Ezekiel anayang'ana chiongolero. Anayang'ana mwana wawo pa galasi, misozi itachotsa paudala.

"Anandiuza Dumisani," anatero. "Tsiku loyamba lomwe. Ndi makiyi angawa. Ine ndinamufunsa ngati anabatizidwa."

Phunziro: Galimoto ikakana kulira, yambani mwaliza hutala, yatsani magetsi, gwedezani kiyi, musanagule batire kapena kuloza chala asebele anu. Wokuyezerani vuto inu mukuona ndiye womumvera, osati wonunkhiza boneti. Patsirani nkhaniyi aliyense amene mumamumva jegede jegede asanafike.