Miyala ya Pamanda a Mlendo

"Iyayi mayi, chotsani mwalawo!" anakuwa a Denis, osesa kumanda a mishoni, akuthamanga tsache lili m'manja.

Mzungu wina, mayi Talia, anali atangoika kamwala pamanda ena akalekale. Sisitere Bibiana, amene ankamasulira, anafotokoza kuti mayiwa ndi Myuda, ndipo kwawo akapita kumanda amasiya mwala, osati maluwa. Wagona pamenepo ndi mchimwene wa agogo awo. Awiriwo anasiyana pothawa nkhondo ya ku Ulaya, nthawi imene Ayuda ankaphedwa, ndipo sanaonanenso.

"Akuti pamtundu wawo wonse atsala okha," anatero sisitere.

"Okha?" a Denis anaseka. "Nanga mdala wa kachipewa kosakwana m'mutu uja? Chaka ndi chaka amadzandiunjikira miyala pomwepa. Ine ndimayesa ufiti!"

Atamva, mayi Talia anagwira sisitere pamkono. "Ali kuti munthuyo?"

"Ndinamugwira chaka chatha," anatero a Denis monyadira. "Ndinamulembetsa kalata yopepesa. Dzina, nambala ya foni, zonse. Ine sindiseweretsedwa pantchito."

Anasolola kapepala kothimbirira m'thumba la malaya. Dzina la bambo la mdalayo linali lomwelo lolembedwa pamandapo. Mayi Talia anangokhala pansi, misozi ili chuchuchu, n'kuyamba kuimba foni.

A Denis anakanda m'mutu, nasendera kwa sisitere.

"Chonde asafunse za miyala inayo," ananong'ona. "Ndi imene tikusewerera bawo pa Njuli."